Bwana Handiredi wa pa Tchaja ya ku Marlboro

Kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu ku Marlboro, mu mzinda wa Joni, pakati pa malo otsukira galimoto ndi kontena ya mayi wogulitsa zitumbuwa, pali tchaja ya galimoto zamagetsi. Ndi chibokosi choyera chotalika ngati munthu, chokhala ndi zingwe ziwiri zonenepa. Zingwe ziwiri basi, koma galimoto zomwa pamenepo n'zambiri: za madalaivala onyamula anthu oitana pa foni, ndi timavani toperekera maphukusi m'makomo. Pamene anthu achuluka koma chinthu n'chochepa sipalephera kubadwa malamulo, ndipo apa napo anabadwa, ngakhale palibe anawalemba pakhoma.

Batire likafika pa 80 peresenti, umazula chingwe n'kupatsa mnzako. Si nkhanza ayi. Aliyense woyendetsa galimoto zimenezi amadziwa kuti batire limamwa mwaphuma likakhala ndi njala, koma likayandikira kukhuta limayamba kunyambita ngati mwana wokakamizidwa phala, moti kagawo kotsalako kamadya nthawi yokwanira kutchaja galimoto ina. Ukafuna kuchokapo kukadya, umasiya nambala ya foni pagalasi lakutsogolo kuti anzako akuimbire ikakwana. Panalinso gulu la pa WhatsApp lomwe ankaliyendetsa Tumelo, bambo wofatsa wa ku Tembisa. M'menemo ankauzana amene ali pamzere, ndiponso tchaja zimene zafa tsiku limenelo.

Onse ankatsata zimenezi kupatula Hendrick Kachingwe.

Tinene zoona, Hendrick sanali munthu woipa. Mowa sankamwa, ntchito ankagwira ngati bulu, ndipo galimoto yake yabuluu, imene ankaigula pang'onopang'ono ku kampani yobwereketsa, inkawala tsiku lililonse ngati ikupita ku ukwati. Koma anali nkhutukumve. Akalowetsa chingwe ankakhoma zitseko n'kuzimiririka, nambala osasiya, ndipo ankabwera batire litadzaza mpaka pakamwa. Anzake akamudandaulira ankangokweza mapewa.

Chifukwa anali nacho, ndipo chinali chomveka. Kunyumba kwake ku Ivory Park kunali bambo ake, a Mose, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, n'kukhazikika konkuno. Mgodi unawapatsa nyumba ndi ana, koma unawalanda mapapo. Fumbi linawadya mkati, moti tsopano ankapuma ndi makina a okosijeni olumikiza kukhoma. Tsono magetsi a ku Ivory Park amabwera ndi kupita ngati mlendo wosalawira. Akathima, Hendrick ankathamangira kunyumba, kuimika galimoto pafupi ndi zenera, n'kudutsitsa chingwe kuchokera pa soketi ya galimotoyo mpaka ku makinawo. Kwa iye batire lodzaza unali mpweya wa bambo ake. Chimene sankafuna ndi choti munthu wina aliyense adziwe.

"Bwanji osangowauza anzako?" mkazi wake Nandi anamufunsa tsiku lina. "Anthu amamva, Hendrick. Akhoza kumakusiyira."

"Matenda a madala ndikawayanike pa gulu la foni?" iye anatero. "Kuti anthu azinditumizira tizithunzi ta manja opemphera? Hayi. Bambo anga ndiwasamala ndekha."

Nandi anaona kuti akungotsuka m'kamwa, ndipo anapitiriza kusita.

Tsiku lina masana panafika vani yoyera, batire lili pafupi kutheratu. Ankayendetsa ndi Rumbi, mayi wobadwira pa famu ina ku Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Mulanje, amene Chichewa chake chinali ndi kafungo ka Chishona. Chingwe chimodzi chinali pa galimoto imene inali itangoyamba kumene kumwa. Chinacho chinali pa galimoto yabuluu, imene inali itadutsa 90, mwini wake kulibe, nambala pagalasi palibe. Rumbi anadikira. Eni maphukusi anayamba kuimba, bwana wake naye anaimba, iye ali chilili padzuwa. Patapita nthawi Hendrick anatulukira kuchokera kometa tsitsi, akudzipukuta m'khosi mosafulumira.

"Achimwene, galimoto iyi ndi yanu?"

"Yebo."

"Inadutsa eyite kalekale. Ine ndaima pano mpaka miyendo yatupa, nambala simunasiye. Ndipatseniko chingwe, ndanyamula katundu wa eni."

"Ndinayamba kufika ndine, sisi. Ndizula ikafika handiredi."

"Handiredi!" Rumbi anawomba m'manja. "Mukupita kuti nayo, ku Lilongwe?"

Madalaivala amene anali pamzere anaseka, ngakhale anyamata otsuka galimoto anaseka nawo. Kuseka kumeneko kunamulasa Hendrick pamtima, ndipo pakamwa panatuluka mawu amene munthu woleredwa bwino sanena.

"Tchajayi anagula ndi bambo ako?"

Kuseka kunatha pomwepo. Rumbi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukakhala mu vani yake. Tsiku limenelo theka la maphukusi linabwerera kosungira, ndipo bwana anamukalipira pamaso pa anzake.

Madzulo ake chithunzi cha galimoto yabuluu chinaikidwa pa gulu, pansi pake atalemba kuti Bwana Handiredi. Dzinalo linamata ngati ulimbo. Koma Tumelo sanaseke nawo. Anamuimbira Hendrick payekha n'kumufunsa mofatsa.

"Mfowethu, m'bale wanga, munthu sachita zinthu popanda chifukwa. Ngati pali vuto tiuze, tione pothandizana."

Apa ndiye khomo linali litatseguka lokha, kungofunika kulowa. Hendrick anati vuto ndi iwowo, okonda kulowerera za eni. Anadula foni, n'kutuluka pa gulu usiku womwewo. Mumtima mwake ankaona ngati wawakhaulitsa.

Kwa milungu ingapo zinkaoneka ngati wapambanadi. Akafika pa tchaja anthu ankangoyang'ana kumbali, palibe womupatsa moni, palibenso womudandaulira. Iye ankati bola choncho, mtendere.

Kenaka kunabwera nyengo yozizira, pamene nyumba iliyonse ku Ivory Park imayatsa hita ndi ketulo nthawi imodzi. Tsiku lina Lachinayi Hendrick anapeza maulendo ataliatali otsatizana, ku bwalo la ndege, kenaka ku Roodepoort, ndipo ankati akatchaja pobwerera. Ali kutali choncho, batire litatsika kale, Nandi anaimba.

"Thiransifoma yaphulika. Yapsa yonse, anthu akuti sikonzedwa lero. Ubaba, bambo ako, ndawaika pa silinda ya okosijeni yaing'ono ija, koma singano ikutsika. Obweretsa masilinda akuti mawa. Ambulansi ndaitana, akuti ndidikire."

"Jenereta ya aneba?"

"Inafa chaka chatha, ukudziwa. Bwera, Hendrick."

Anatsitsa wokwera wake n'kutembenuza galimoto. Batire limene linatsala silikanayatsa makina aja, pakuti soketi ya galimoto imakana kugwira ntchito batire likatsika kwambiri. Anafunika kutchaja kaye. Panjira anadutsa mphambano yopita ku tchaja ina ya pa sitolo zazikulu, koma anati ayi, ya ku Marlboro ndiyo yachangu, ndipo ili panjira yakwathu. Atakhota pa malo otsukira galimoto anaona kuti palibe ngakhale galimoto imodzi pamzere, ndipo kwa kanthawi kochepa anathokoza Mulungu. Atatsika ndi pamene anaona bwino. Zingwe zonse ziwiri zinali zitadulidwa, pangotsala tizitsa tolendewera.

"Akuba mkuwa, mwanangu," anatero mayi wa zitumbuwa ali m'kontena yake. "Anadula kusanache. Anzako onse akudziwa, n'chifukwa chake sunaone munthu pano lero. Kodi iwe suli pa gulu lawo lija?"

Mvula ikakuona litsiro sikata. Batire linali pa 3. Silikanamufikitsa ku tchaja ina, silikanamufikitsanso kunyumba, ndipo ngakhale akanakwera takisi akanafika chimanjamanja, kukangoonerera bambo ake akubanika. Anatsegula foni n'kuyamba kutsitsa mayina. Munali manambala a makaniko, a kampani ya galimoto, a kutchalitchi, koma munalibe munthu mmodzi yemwe wa galimoto yamagetsi. Onse anawafufuta yekha tsiku la ukali lija. Anakhala pansi pa simenti, msana atatsamira chibokosi chakufacho, atasowa mtengo wogwira. Anachita mantha amene anali asanawachitepo chibadwire.

Ali chomwecho panaima vani yoyera. Rumbi anali ataweruka, ndipo anangoima kuti agule zitumbuwa za ana. Ataona galimoto yabuluu sanathe kudzigwira.

"Ah, Bwana Handiredi! Lero ndiye muli nokha, palibe wokusokonezani. Dzazani mpaka itayike."

Hendrick anadzuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba munali mutamveka. Anayandikira zenera la vani, manja ali pamodzi.

"Sisi, bambo anga amapuma ndi makina. Kwathu magetsi athima, silinda ikutha. Ndimawayatsira ndi galimotoyi. N'chifukwa chake ndimadzaza. Chonde."

Rumbi anazimitsa wailesi. "Mukuti chiyani?"

"Mapapo awo anatha ndi mgodi. Popanda makina sangafike usiku."

"Amakhala kuti?"

Anamuuza msewu ndi nambala ya nyumba. Rumbi sanafunsenso china. Anakweza foni pakamwa n'kulankhula pa gulu, mosakaniza Chizulu ndi Chingerezi kuti aliyense amve: pali madala ku Ivory Park amene mpweya ukuwathera, pakufunika galimoto ya soketi imene ili ndi moto, tsopano lino. Sanabise kuti ndi bambo a ndani. Hendrick anazyolika atamva dzina lake, poganiza kuti basi, zathera pomwepo.

Foni inayamba kulira motsatizana. Wina anali ku Soweto, kutali. Wina galimoto yake inalibe soketi. Kenaka anamveka mawu a Tumelo, ofatsa ngati masiku onse, akuti ali ku Midrand, wangozula kumene pa 80, ndipo wanyamuka kale. Anangopempha nambala ya wina wa panyumbapo.

"Kwerani," anatero Rumbi. "Yanuyo isiyeni, amayiwa ayiyang'anira."

Inali nthawi yoweruka, ndipo msewu waukulu wopita ku Midrand unali utadzaza. Vani inkasuntha pang'ono n'kuima, kusuntha pang'ono n'kuima. Hendrick anaimbira Nandi, foni osaidula. Kuseri kwa mawu a mkazi wake ankamva kupuma kwa bambo ake, kokoka, kwa mluzu, ngati munthu akukwera phiri atasenza thumba. Nandi anati singano yagona pansi. Anati milomo ya madala ikuda. Hendrick ankangoti, "Abambo, ndikubwera, gwirani mtima," ngakhale ankadziwa kuti kubwera kwake kulibe phindu.

Kenaka pa foni panamveka hutala, geti kukhuluka, mapazi othamanga. Nandi anakuwira wobwerayo kuti pazenera apa, bhuti, pazenera apa. Panadutsa kanthawi kamene Hendrick sadzakaiwala. Ndipo anamva kulira kumene ankakudziwa kuposa nyimbo iliyonse, kung'ung'udza kwa makina a okosijeni akuyamba ntchito.

"Ayaka," anatero Nandi, akulira. "Ayaka, Hendrick. Akupuma."

Bwana Handiredi anaphimba nkhope ndi manja n'kulira ngati mwana, pakati pa msewu, galimoto zikuimba mahutala mbali zonse. Rumbi anamusiya alire. Atakhala bata, Hendrick anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Sisi, mawu aja ndinakunenani tsiku lija..."

"Zisiyeni," anatero Rumbi. "Koma bambo a munthu musadzawatchulenso pokangana. Mwaona mmene bambo amawawira."

"Ndamva. Pepani kwambiri."

"Ndiponso mukanangonena, achimwene. Ife tinkayesa dyera. Tikanadziwa kuti handiredi yanu ndi mpweya wa munthu, ndani akanakuletsani?"

Atafika ku Ivory Park anapeza galimoto yofiira ya Tumelo itaima pamalo pamene iye amaimika yake, chingwe chitalowa pazenera. Mwini wake anali atakhala pa kreti pakhonde akumwa tiyi, ngati munthu amene wangobwera kudzacheza. Hendrick anamugwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya, koma Tumelo anangoti, "Sharp, mfowethu. Lowa ukaone ntate, bambo ako."

Thiransifoma sinakonzedwe tsiku lotsatira, ngakhale linzake. Inatha pafupifupi sabata ili chipsere. Silinda yatsopano inabwera, koma silinda si chinthu chodalira usana ndi usiku, ndipo galimoto imodzi singakhale pazenera n'kumagwiranso ntchito yodyetsa banja. Apa ndi pamene Hendrick anaona chimene anachitaya tsiku lija anatuluka pa gulu. Madalaivala anagawana okha, osamufunsa. Galimoto ina ikachoka pazenera, ina inkalowa. Anabwera anthu amene anawaimikapo padzuwa, anabwera ena amene sankawadziwa ngakhale dzina. Ku tchaja ya ku Midrand kunabadwa lamulo latsopano, loti galimoto yopita kwa madala idutse mzere wonse, ndipo idzaze mpaka handiredi. Galimoto yabuluu itakokedwa n'kufika kumeneko, amene anali pa chingwe anazula yake isanakwane n'kumupatsa Hendrick m'manja. Iye anayesa kukana, koma mnzakeyo anamuuza kuti asatayitse anthu nthawi.

Anapempha yekha kuti abwerere pa gulu, ndipo mawu ake oyamba anali opepesa, kenaka othokoza. Analemba kuti ulemu umene amuchitira sanauyenere. Ena anamuyankha ndi tizithunzi ta manja opemphera, ndipo sanadandaule.

Lamlungu masana magetsi anali asanabwere. Kunja kwa geti kunaima galimoto zingapo, pakuti ena ankangodutsa kudzaona mmene madala agonera. Nandi ankatulutsa tiyi ndi buledi. A Mose anali atapezako mphamvu, atakhala pampando pafupi ndi zenera, timapaipi tili m'mphuno, bulangete lili pamiyendo. Ankayang'ana anthu aja pabwalo akuseka, wina akulankhula Chisutu, wina Chizulu, wina Chichewa cha ku mafamu. Rumbi analowa kudzatenga makapu, ndipo anapeza madala akukodola mwana wawo.

Hendrick anagwada pambali pa mpando. A Mose ankalankhula pang'onopang'ono, kupuma pakati pa mawu.

"Iwe, ine ndinali ndi nkhawa. Ndinkakuona ukupita wekha, kubwera wekha. Ndinkati dziko lino n'la eni, abale athu ali kutali ku Ntcheu. Ndikadzatsamira mkono, mwana uyu adzandinyamula ndi ndani?" Anakoka mpweya, n'kuloza pabwalo ndi chala. "Kodi unali ndi anzako ambiri chonchi, osandiuza? Tsopano mtima wanga wakhala pansi."

Hendrick anatsegula pakamwa kuti anene zoona, kuti anthu amenewa anawachitira mwano, kuti palibe mmodzi mwa iwo amene ali naye mangawa. Anayang'ana Rumbi, manyazi ndi kuthokoza zitasakanikirana pankhope.

Rumbi anasonkhanitsa makapu ake mosafulumira.

"Musadere nkhawa, agogo," anatero. "Ameneyu ndi wathu. Ndi wouma mutu, koma ndi wathu."

A Mose anaseka mpaka kutsokomola. "Kuuma mutuko," anatero, "anatengera ine."

Anaika dzanja pamutu pa mwana wawo n'kutseka maso, akupuma bwinobwino ndi moto wa galimoto ya munthu wina. Hendrick anakhalabe chogwada, ndipo anamvetsa tsiku limenelo chimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.